Usiku Wautali wa ku Santo Domingo

Mumzinda wa Santo Domingo, likulu la dziko la Dominican Republic, dzuwa likalowa kutentha sikuchoka msanga. Makoma a miyala amene atha tsiku lonse akupsa amayamba kulavula chifundizi chawo, ndipo kamphepo ka ku Nyanja ya Caribbean kamachita kudzipanikiza kuti kalowe m'misewu ya dera lakale la mzindawu, lotchedwa Ciudad Colonial. Masiku ambiri nthawi ngati imeneyi alonda a nyumba zosungiramo zinthu zakale amakhala atakhoma kale zitseko. Koma alipo masiku ena pachaka pamene zitsekozo zimasiyidwa zotsekula mpaka usiku kwambiri, nthawi zina mathero onse a sabata, ndipo palibe amene amafunsidwa ndalama pakhomo. Eni dziko amatcha mwambowu La Noche Larga de los Museos, kutanthauza kuti usiku wautali wa nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndipo umakonzedwa ndi Unduna wa Zachikhalidwe wa dzikolo.

Ganizo lotsekula nyumba zoterezi usiku linayambira ku Berlin m'chaka cha 1997, ndipo mu 2005 boma la France linalimbikitsa mayiko ena a ku Ulaya kuti nawonso azichita chimodzimodzi. Koma mwambo umasintha tanthauzo malinga ndi dera limene wafika. Ku Santo Domingo nyumba zambiri zimene zimatsekulidwa usikuwo zinamangidwira abwanamkubwa, oweruza ndi asilikali a mfumu ya ku Spain, pamene osema miyala, otunga madzi ndi osenza mitengo anali eni nthaka ogonjetsedwa komanso akapolo ochokera ku Africa. Ambiri mwa anthu amene amaima pamzere masiku ano, ana ali kumanja, ndi zidzukulu za osenza aja. Makolo awo ankalowera khomo lakumbuyo, ngati ankalowa n'komwe.

Kunena zoona, ndalama yolowera m'nyumbazi masiku wamba si yochuluka kwa mlendo wobwera ndi madola. Koma banja la anthu asanu lochokera kutsidya kwa mtsinje wa Ozama liyenera kuwerengera kaye za minibasi ndi za chakudya lisanaganize za pakhomo. Choletsa chachikulu, komabe, ndi nthawi. Myuziyamu imene imatsekula m'mawa n'kutseka madzulo imakhala yotsekula pa maola enieni amene mayi wogulitsa pamsika, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto kapena wantchito wa m'nyumba sangachoke pamalo pake. Aliyense amene anaitanitsapo msonkhano wa chitukuko m'nyengo yopalira, n'kumadabwa kuti anthu ali kuti, akhoza kumvetsa chifukwa chake kusintha ola kumadzaza nyumba kuposa kutsitsa mtengo. Kuwonjezera apo, usikuwo kumakhala magulu oimba, zisudzo ndi anthu otsogolera alendo, kotero kuti munthu amene amachita manyazi kulowa yekha m'nyumba yachete amangolowa limodzi ndi khamu. Mndandanda wa nyumba zotsekulidwa umasintha, chifukwa zina zimatsekedwa kwa kanthawi kuti zikonzedwe.

Msewu wa madona

Mlendo wosadziwa koyambira amangotsatira anthu, ndipo anthuwo amamufikitsa mu Calle Las Damas, msewu woyandikana ndi mtsinje. Dzinali limatanthauza msewu wa madona, pokumbukira amayi olemekezeka amene anabwera mu 1509 ndi María de Toledo, mkazi wa bwanamkubwa Diego Colón, ndipo ankakonda kuwongola miyendo mumsewumu. Diego anali mwana wa Christopher Columbus, amene m'Chisipanishi amamutchula kuti Cristóbal Colón.

Mzindawu uli pa chilumba cha Hispaniola, chimene mayiko awiri anagawana: Dominican Republic kum'mawa, Haiti kumadzulo. Mudzi woyamba wa Asipanishi pamalowa unamangidwa kum'mawa kwa mtsinje chakumapeto kwa zaka za m'ma 1490. Mu 1502 namondwe anausakaza, ndipo bwanamkubwa Nicolás de Ovando anausamutsira kutsidya la kumadzulo n'kulamula kuti misewu ikhale yowongoka, yodutsana ngati maluko a mkeka. Otsogolera alendo amakonda mawu akuti "choyamba": tchalitchi chachikulu choyamba m'mayiko a America, chipatala choyamba, bwalo la milandu loyamba. Bungwe la UNESCO nalonso linatchula zina mwa zimenezi pamene linaika derali pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1990. Mawuwo ndi oona, bola womva akumbukire kuti akunena zoyamba za Azungu. Anthu anali atakhala pachilumbachi zaka masauzande ambiri zombo za ku Spain zisanaoneke.

Kumwera kwa msewuwu kuli linga la Fortaleza Ozama, limene linayamba kumangidwa mu 1502. Achinyamata amakonda kukwera nsanja yake kudzera pa makwerero opindika kuti akaone magetsi a padoko akunyezimira m'madzi. Achikulire ena amaiyang'ana ndi diso lina, chifukwa nsanjayi inagwira ntchito ngati ndende mpaka m'zaka za m'ma 1900, ndipo otsutsa boma ankatsekeredwa m'menemo. Pabwalo la lingalo pali chiboliboli cha Gonzalo Fernández de Oviedo, amene anali mkulu wa lingali mpaka pamene anamwalira mu 1557. Iyeyu sankawalemekeza eni nthaka, koma anali ndi diso la mlimi, ndipo analemba mwatsatanetsatane momwe ankabzalira chinangwa ndi chimanga. Zambiri zimene dziko likudziwa za ulimi wawo zinapulumuka kudzera m'cholembera cha munthu amene ankawanyoza.

Chakumpoto kuli Museo de las Casas Reales, nyumba imene munkakhala maofesi a bwanamkubwa ndi bwalo lalikulu la milandu lokhazikitsidwa mu 1511. Inatsekulidwa ngati myuziyamu mu 1976. Muli mapu akale, zida zankhondo ndi zipinda za oweruza. Panja pake pali wotchi ya dzuwa ya mu 1753, imene usiku siuza munthu kanthu, ngakhale ana amaizungulirabe pofuna kudziwa kuti imayenda bwanji.

Chaka chomwecho cha 1511, m'mwezi wa December, wansembe wina dzina lake Antonio de Montesinos analalikira pamaso pa Diego Colón ndi akuluakulu ena, n'kuwafunsa kuti ulamuliro wosandutsa anthu a mtundu wa Taíno akapolo anautenga kuti. Nthawiyo Asipanishi ankagawana midzi ya eni nthaka pansi pa dongosolo lotchedwa encomienda: mwini malo ankapatsidwa anthu oti azimugwirira ntchito m'migodi ya golide ndi m'minda, iye n'kumati akuwaphunzitsa Chikhristu. Amene anamva kwa agogo awo za thangata sangafune kumasuliridwa zambiri. Ulalikiwo unakwiyitsa akuluakulu, nkhani inafika kwa mfumu, ndipo mu 1512 kunatuluka malamulo a ku Burgos oti ateteze eni nthaka. Pa pepala anali malamulo abwino ndithu. Kalembera wa mu 1514 anapeza anthu a Taíno pafupifupi 26,000 okha pa chilumba chimene chinali ndi anthu ochuluka zedi zaka 22 m'mbuyomo, ndipo nthomba imene inabuka chakumapeto kwa 1518 inapululanso ambiri mwa otsalawo. Chiboliboli chachikulu cha Montesinos, mphatso yochokera ku Mexico mu 1982, chinaimikidwa pafupi ndi pamene mtsinje umathirira m'nyanja, dzanja lili kukamwa ngati akufuulabe.

Ziboliboli za mumzindawu zili ndi zonena zake. Pakati pa bwalo la Parque Colón, pamene anthu amapumira usikuwo akudya zogula kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, Columbus waima pamwamba akuloza kutali, ndipo kumunsi kwa mapazi ake kuli mkazi wa Chitaíno amene ambiri amati ndi Anacaona. Mayi ameneyu anali mfumu ya dera la Xaragua. Mu 1503 analandira Ovando ndi magule ndi chakudya, koma mlendoyo analamula kuti mafumu amene anasonkhana aphedwe, ndipo Anacaona anapachikidwa pambuyo pake. Wosema anamuika pansi, akuyang'ana kumwamba. Ovando naye ali ndi chiboliboli chake pa bwalo lina, ataima chilili.

Nyumba ya bwanamkubwa ndi munda wa nzimbe

Bwalo limenelo ndi Plaza de España, ndipo m'mphepete mwake muli nyumba imene imakoka anthu kuposa zonse, Alcázar de Colón. Inamangidwa ndi miyala ya m'nyanja cha m'ma 1510 mpaka 1514 kuti Diego Colón ndi banja lake azikhalamo. Magetsi akaunikira makonde ake osanjikizana, wokana kukongola kwake ndi wabodza. Banjalo litachoka, nyumbayi inakhala bwinja kwa zaka zambiri, mpaka pamene inakonzedwa pakati pa 1955 ndi 1957. Mwa zipinda 55 zimene akuti inali nazo poyamba, zilipo 22. Mabedi, mipando, nsalu za pakhoma ndi ziwiya zimene zinaikidwamo ndi za m'nthawi yakale, zosonkhanitsidwa pambuyo pake kuti zionetse momwe olemera ankakhalira.

Munthu amatulukamo akudziwa kumene dona ankagona ndi kumene alendo ankadyera. Chimene sichimveka mokweza m'zipindamo ndi gwero la chumacho. Golide atayamba kuchepa ndipo eni nthaka atatha, Asipanishi anatembenukira ku nzimbe, mbewu imene Columbus anabwera nayo pa ulendo wake wachiwiri mu 1493. Nzimbe imafuna manja ambiri: kudula, kusenza, kufinya ndi kuwiritsa madzi ake usana ndi usiku asanasase. Mu 1518 mfumu ya ku Spain inapereka chilolezo choti akapolo 4,000 atengedwe kuchokera ku Africa. Pasanapite nthawi yaitali, m'nyengo ya Khirisimasi ya 1521, akapolo a pa munda wa nzimbe wa Diego Colón yemweyo, ambiri mwa iwo a mtundu wa Wolof wa ku dera la Senegal, anaukira. Anasankha nthawi imene mabwana awo anali pa chikondwerero. Anagonjetsedwa patapita masiku ochepa ndipo ambiri anapachikidwa, koma olemba mbiri amati kumeneku kunali kuukira koyamba kwakukulu kwa akapolo a ku Africa m'mayiko a America. Mu January 1522 bwanamkubwayo anatulutsa malamulo okhwima oletsa akapolo kuyenda ndi zida kapena kuchoka pa munda popanda chilolezo.

Ena anasankha kuthawira kumapiri. Wotchuka mwa iwo ndi Sebastián Lemba, amene anathawa cha m'ma 1532 n'kutsogolera gulu la anzake kwa zaka pafupifupi 15, akuwotcha minda ndi kumasula ena, mpaka pamene anaphedwa cha m'ma 1547. Ndipo ena mwa mabanja amene amawoloka mlatho usiku wa mwambowu amachokera ku Los Mina, dera lodzaza ndi anthu kum'mawa kwa mtsinje, limene linayamba m'zaka za m'ma 1670 ngati mudzi wa akapolo othawa m'minda ya Afalansa kumadzulo kwa chilumbachi. M'minda ya Afalansa imeneyo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, munafikanso anthu ogulidwa ku gombe la Mozambique, amene zombo zinawazungulitsa kumwera kwa Africa pa ulendo wa miyezi ingapo.

Alongo atatu

Woyenda pang'ono kuchoka ku mtsinje, kulowa mumsewu wa Arzobispo Nouel, amapeza nyumba yosiyana ndi zinzake. Museo Memorial de la Resistencia Dominicana inatsekulidwa mu 2011, ndipo nkhani yake si ya zaka 500 zapitazo ayi. Ndi ya anthu amene abale awo akali moyo. Rafael Trujillo analamulira dzikoli kuyambira 1930 mpaka pamene anawomberedwa pa 30 May 1961. Anasintha dzina la likulu kukhala Ciudad Trujillo mu 1936, chithunzi chake chinkapachikidwa m'nyumba za anthu, ndipo akazitape ake ankamvetsera ngakhale nkhani za pa chakudya. M'myuziyamuyi muli zithunzi za anthu amene anasowa, makalata awo ndi maumboni a opulumuka m'ndende. Muno anthu amatsitsa mawu okha popanda wowauza.

Ogwira ntchito za chitukuko m'midzi ya kummwera kwa Africa amalidziwa tsiku la 25 November, pamene pamayamba masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi, amene amatha pa 10 December. Amaguba, amavala malaya olembedwa uthenga, amachititsa misonkhano pansi pa mitengo. Si onse amene amadziwa kuti tsikulo linachokera m'dziko lino la pachilumba. Patria, Minerva ndi María Teresa Mirabal anali ana a banja la alimi ochita bwino la ku Ojo de Agua, kufupi ndi tauni ya Salcedo. Analowa m'gulu lachinsinsi lotsutsa Trujillo, ndipo anzawo ankawatchula kuti Las Mariposas, kutanthauza agulugufe. Pa 25 November 1960, akuchokera ku Puerto Plata kumene anakaona amuna a awiri mwa iwo m'ndende, anaimitsidwa panjira n'kuphedwa pamodzi ndi dalaivala wawo, Rufino de la Cruz. Galimoto inagwetseredwa kuphompho kuti zioneke ngati ngozi, koma anthu sanapusitsike. Amayi omenyera ufulu a ku Latin America, atakumana ku Bogotá mu 1981, anasankha tsikulo kukhala lokumbukira, ndipo bungwe la United Nations linalivomereza mu 1999. Mlongo wachinayi, Dedé, analera ana a abale akewo n'kutha moyo wake wonse akufotokoza nkhaniyi mpaka pamene anamwalira mu 2014.

Pali bala lina la nthawi ya Trujillo limene dzikoli silinalipoletse. Mu October 1937 asilikali ake anapha anthu a ku Haiti ndi ana awo amene ankakhala m'madera a kumalire, ambiri mwa iwo alimi ang'onoang'ono ndi aganyu, pogwiritsa ntchito zikwanje kuti zioneke ngati mkangano wa anthu wamba. Olemba mbiri amasiyana pa chiwerengero, koma ambiri amatchula anthu oposa 10,000. Udani wake uli ndi mizu yaitali. Dziko la Haiti linalamulira chilumba chonse kuyambira 1822, chaka chimene ukapolo unathetsedwa kum'mawa, mpaka 1844, ndipo ufulu umene Dominican Republic imakondwerera pa 27 February ndi wochoka m'manja mwa Haiti, osati mwa Spain. Kwa zaka zambiri ana asukulu ankaphunzitsidwa kunyadira Spain ndi kutama a Taíno amene anapita, uku akupewa kutchula Africa. Mu 2013 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti ana obadwira m'dzikolo kuyambira 1929 kwa makolo opanda zikalata zovomerezeka si nzika. Chigamulocho chinakhudza makamaka zidzukulu za odula nzimbe ochokera ku Haiti, ndipo lamulo la mu 2014 linathandiza ena okha. Tsono pa khamu limene likulowa mwaulere usikuwo pakhoza kukhala achinyamata amene mlonda wa pakhomo wawalandira, pamene ofesi yolembetsa nzika inawabweza.

Zipangizo za m'munda m'galasi

Mlendo amene ali ndi mathero onse a sabata asabwerere asanafike ku Plaza de la Cultura, mtunda wa makilomita ochepa kumadzulo kwa dera lakale. Kumeneko kuli Museo del Hombre Dominicano, imene inatsekulidwa mu 1973. Kutsogolo kwake kwaima ziboliboli zitatu: Lemba uja, wansembe Bartolomé de las Casas amene anateteza eni nthaka, ndi Enriquillo, mfumu ya a Taíno imene inalimbana ndi Asipanishi m'mapiri a Bahoruco kuyambira 1519 mpaka pamene iwo anavomera kupangana nayo mtendere mu 1533. Nyumbayi ilibe kukongola kwa Alcázar, ndipo alendo ojambula zithunzi sachulukako chimodzimodzi. Koma kwa mlimi, kuno ndiye kwenikweni.

M'magalasi ake muli nkhwangwa za miyala, miphika, mipando ya mafumu yosemedwa ndi timiyala ta nsonga zitatu totchedwa cemí. Ramón Pané, wansembe amene anakhala pakati pa a Taíno m'zaka za m'ma 1490, analemba kuti iwo ankakhulupirira kuti timiyala timeneti timameretsa chinangwa. Mulungu wawo wamkulu, Yúcahu, anali mzimu wa chinangwa, mbewu imene iwo ankaitcha yuca. Munda ankautcha conuco, ndipo dzinali alimi a m'dzikolo akuligwiritsabe ntchito. Analibe khasu lachitsulo kapena ng'ombe. Ndi mtengo wosongoka ankaunda mitumbira yozungulira, yotalika kufika m'mawondo kapena kupitirira, n'kuzika mitengo ingapo ya chinangwa pa mtumbira uliwonse. Mbatata, nyemba, maungu, tsabola ndi mtedza zinkabzalidwa m'munda womwewo. Mtumbira unkathandiza kuti madzi asadikhe pa mizu, nthaka ikhale yofewa ndiponso isakokoloke msanga, pamene masamba a mbewu zoyanga ankaphimba dothi. Ndi ulimi wa kasakaniza umene alangizi a zaulimi amaulimbikitsa masiku ano, nthawi zina ngati kuti atulukira chinthu chatsopano. Chinangwa chinalinso nkhokwe: chinkatha kukhala m'nthaka miyezi yambiri, ndipo namondwe akagwetsa zonse za pamwamba, chakudya chinkatsala pansi.

Njala imene inatsatira kufika kwa Asipanishi sinabwere chifukwa choti ulimiwu unali wofooka. Amuna anachotsedwa m'minda kupita kumigodi, ndipo nkhumba ndi ng'ombe zimene alendowo anabwera nazo zinaswana n'kumafukula mitumbira yopanda mpanda.

Chochititsa chidwi kwambiri ndi momwe ankachotsera ululu wa chinangwa chowawa. Mayi wa ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota amachiviika m'madzi masiku angapo, n'kuchiyanika, n'kuchisinja kuti apeze ufa wa kondowole. Mayi wa Chitaíno anapeza njira ina yothetsera vuto lomwelo. Ankachisenda, n'kuchikhutiza pa chokhutizira chokhakhala chotchedwa guayo mpaka chikhale phala. Phalalo ankalithira m'thumba lalitali lolukidwa, cibucán, limene akalipachika n'kulikoka ndi cholemera kumunsi limafinya madzi onse a poizoni. Ufa wotsalawo ankausefa n'kuuyala pa phale lalikulu ladothi, burén, limene lili pamoto, ndipo unkagwirana wokha popanda mchere kapena mafuta n'kukhala mkate wopyapyala, wozungulira, wouma. Umenewo ndiwo casabe. Ngakhale madzi ofinyidwa aja sankatayidwa, chifukwa akawiritsidwa ululu umatha ndipo amasanduka msuzi. Mkatewo ukasungidwa pouma umatha miyezi osawonongeka. Asipanishi, ataona kuti tirigu sakuchita bwino m'dziko lotentha ndipo ufa wochokera kwawo ukufika utawola, anayamba kudzaza casabe m'zombo zawo. Maulendo okagonjetsa mayiko ena a America ankadalira kamba wophikidwa ndi amayi a anthu amene anali atagonjetsedwa kale. Mpaka lero m'dzikolo muli mwambi woti buledi akasowa, casabe alipo.

Chinangwa chimene chimalimidwa ku Africa sichinachokere pachilumbachi. Apwitikizi anachitenga ku Brazil n'kuchifikitsa ku dera la Congo m'zaka za m'ma 1500, ndipo kum'mawa kwa Africa chinafika pambuyo pake. Chimanga nachonso kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, ndipo chisanafike, nsima inali ya mapira ndi mawere. Koma Hispaniola ndi amodzi mwa malo oyamba kumene Azungu anaziona mbewuzi n'kuphunzira mayina ake. Dzina la chimanga m'Chisipanishi ndi m'Chingerezi linachokera ku liwu la Chitaíno lakuti mahiz. Liwu lakuti batata, limene Apwitikizi anayenda nalo mpaka ku Zambezi, ndi la Chitaíno, ndipo ndi limene linabala mbatata. Mwana amene akutumidwa kukakumba mbatata kudimba akutchula liwu la anthu amene mabuku ena amati anatha zaka pafupifupi 500 zapitazo. Kutha kwake n'kokayikitsa: kafukufuku wa zamagazi wa m'zaka zaposachedwapa waonetsa kuti anthu ambiri a pa zilumbazi ali ndi makolo a Chitaíno, makamaka kuchikazi.

Mbali ina ya myuziyamuyi ndi ya zimene zinachokera ku Africa ndi zimene zinabadwa mitundu itasakanikirana: maunyolo a akapolo, ng'oma, zipembedzo za anthu wamba ndi zigoba za kumaso zovala pa chikondwerero cha carnaval, zokhala ndi nyanga ndi mano oopsa. Kumpoto kwa mzindawu, ku Villa Mella, kuli gulu la Cofradía del Espíritu Santo de los Congos, limene limaimba ng'oma zotchedwa congos pa maliro ndi pa zikondwerero za mpingo. Dzina lokhalo likuloza kumene mizu yake ili. UNESCO inalilemekeza mu 2001, zaka zinayi Gule Wamkulu asanalandire ulemu womwewo mu 2005. Ana amathamangira ku zigobazo. Zipangizo za chinangwa amazidutsa mofulumira, mwina chifukwa ena anaziona kale kwa agogo awo kumudzi ndipo sakuona chachilendo.

Sakulakwa, pakuti casabe sanakhalepo chinthu cha m'galasi chokha. Amagulitsidwa m'magolosale ang'onoang'ono a m'makwalala ndi m'masitolo akuluakulu, wina wothira adyo, wina mtedza. Tauni ya Monción, kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo, imadziwika kuti ndi likulu la casabe, ndipo mabanja ambiri kumeneko amadalira kulima chinangwa chowawa ndi kuphika mkatewu. Makina alowa m'malo mwa zipangizo zina, koma ndondomeko yake ikadali yomweyo: kusenda, kukhutiza, kufinya, kusefa, kuwotcha. Mu December 2024 UNESCO inaika luso limeneli pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse, ndipo pempho lake linaperekedwa ndi mayiko asanu pamodzi: Cuba, Honduras, Venezuela, Dominican Republic ndi Haiti. Apa n'kuti boma la Dominican Republic litayamba kale, mu February 2022, kumanga mpanda m'malire ake ndi Haiti. Mbali zonse ziwiri za mpandawo amayi amayala ufa womwewo pa phale lotentha. Kum'mawa amati casabe, kumadzulo amati kasav.